Tsiku limene Chimphuno chinadutsa pa denga lathu

Dalitso, chithunzi icho ika pa tebulo. Ndati ika, usachipinde ngodya ndi zala zako zamafutazo. Enanu khalani pansi. Magetsi apita ndipo sabwera msanga, za tivi iwalani. Natasha, foni siithawa, itembenuze iyang'ane pansi.

Bokosi ili mwalisolola pansi pa bedi langa osandifunsa, koma lero sindilalata. Dalitso akuti walowa m'kagulu ka anyamata oyenda ndi makamera kusakasaka ndeke zakale, zija zinkatera m'tchire, ndipo akuti anzake akaona zithunzi izi achita misala. Ndamva. Matenda amenewo wawatengera kwa agogo ako aamuna, ndipo mankhwala ake ine sindinawapeze. Koma wanenanso mawu ena. Wati, "Ambuya, aka kapikicha ni kabwino maningi, koma kali na chinthu pansi apa chamene chaononga. Nizachosapo na foni." Za kuchotsazo tikambirana pamapeto.

Poyamba ndiyankheni. M'bokosi lonseli, lodzaza mpaka chivundikiro kukana kutseka, mwaonamo nkhope ya azakhali anu a Esinati? Simunaione. Enanu simudziwa n'komwe kuti atate anu anali ndi mlongo wawo wamkulu. Ku tchalitchi amandiitana amake Yohane, koma ine ndine amake Esinati, ndipo chimene ndinachifuna pa moyo wanga kuposa china chilichonse chinali chithunzi chimodzi cha nkhope ya mwana ameneyo.

Ndinafika mu Lusaka ndili mtsikana, ufulu utangobwera kumene, mbendera zatsopano zisanasuluke. Agogo anu, a Lingisoni Banda, anadzanditenga ku Katete pa basi ya mipando yamatabwa, ndipo tinatsika tili ofiira ndi fumbi mpaka m'nsidze. Ine ndinkaganiza kuti ndikupita ku nyumba ya magetsi. Ndinapeza kachipinda ka zidina ku Kalingalinga, denga la migolo yophwanya, pamwamba atasanjikapo miyala kuti mphepo isalitenge. Kalingalinga amene mumamudziwa inu, wa mageti achitsulo ndi mipando yogulitsa m'mbali mwa msewu, si ameneyo ayi. Madzi tinkatunga pa chitsime, kuunikira kunali koloboyi, kusita kunali simbi yamakala. Dzinja likafika matope ankalowa m'nyumba osaodira.

M'mawa woyamba weniweni, ndikusesa pabwalo, ndinamva chiphokoso kumwamba. Ndinataya tsache n'kukalowa pansi pa bedi. Sekani, palibe kanthu, inu munabadwira m'phokoso. Bwalo lakale la ndeke linali pafupi, kungodutsa kathengo ndi mpanda wa waya. Abale athu a ku Malawi amati ndege, ife kuno tinazolowera kuti ndeke. Zikuluzikulu pambuyo pake zinasamukira ku bwalo latsopano kutali, kwathu kunatsala zing'onozing'ono za injini imodzi, zopita kumene msewu unkalephera: ku Mongu madzi akasefukira, ku Lundazi, ku mamishoni a m'tchire. Zinkanyamula makalata, mankhwala, odwala, mwina ndi nkhuku zomwe. Agogo anu anandipeza pansi pa bedi paja akuseka mpaka misozi, amvekere, "Tulukani, iyo ndi Mai Busa, siluma." Apo m'pamene ndinadziwa kuti ndalowa pa mitala, ndipo akazi anzanga ali ndi mapiko.

Ntchito yawo inali yoperekera buledi m'magolosale, pa njinga yakuda ya dengu lalikulu kutsogolo. Mowa sankamwa, fodya ayi, mpira ayi. Amayi a mu kompaundi ankandichitira kaduka kuti ndapeza mwamuna wofatsa. Sankadziwa. Anali ndi kamera yabokosi imene anaigula yakale kwa Mmwenye wina ku Kamwala, kaya inasiyidwa ndi azungu amene ufulu unawanyansa. Sinali ngati mafoni anuwa, amene mumajambula nawo mpaka mbale ya chakudya musanapemphere. Unkaigwira pamimba, n'kuyang'ana m'kagalasi ka pamwamba, kuugwira mpweya, kenaka kudina. Filimu imodzi inali ndi malo a zithunzi khumi ndi ziwiri basi, ndipo chimene wajambula sunkachiona mpaka Mmwenye uja akatsuke filimuyo. Ukalakwitsa, walakwitsa.

Mnzawo pa misala imeneyi anali ba Mulenga, Mbemba wa ku Kasama, kondakitala wa basi, amene anali ndi magalasi oonera patali ofa diso limodzi. Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi awiriwo ankakwera pa chulu chachikulu pafupi ndi mpanda, majekete a ku tchalitchi ali m'thupi, n'kukhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Ndeke iliyonse anaipatsa dzina. Mai Busa inali yoyera, ya amishoni. Nkhwali inali yamawanga, yothamanga pansi nthawi yaitali isananyamuke. Ankazizindikira ndi khutu zisanaoneke, ndipo ankakangana mpaka mitsempha kutuluka m'khosi.

"Iyo ni Nkhwali, ba Banda."

"Ayi, a Mulenga, imvani bwino. Nkhwali sitsokomola choncho."

"Awe mukwai, ine makutu yanga siyanama."

Ikatulukira, wolakwayo ankagula nzimbe. Amuna akuluakulu a ndevu zawo.

Koma yoposa zonse inali imene ankaitcha Chimphuno. Chinali chakale kuposa zinzake, mphuno yonenepa yozungulira, mapiko pamwamba pa msana, miyendo yotangadza. Kulira kwake unkakumva m'chifuwa, ndipo chikamadutsa mbale zinkanjenjemera pa shelefu. Agogo anu anachijambula kangapo chili pansi, kuseri kwa waya, mwaziona zithunzizo m'bokosimu. Koma chili m'mwamba chinkawalaka. Mwina dzuwa lili kumaso, mwina filimu yatha, mwina iwo ali ku buledi. Kenaka chinangosowa. Ena ankati chinagwera mu Zambezi, ena ankati chinagulitsidwa kunja. Agogo anu ankachidandaula ngati m'bale amene anapita ku Joni osatumizako mawu.

Esinati anabadwa nyengo yotentha, mango asanapse. Apongozi anga anabwera kuchokera kumudzi kudzandisamalira pa chikuta, ndipo ataona kamera pa khoma analetseratu. "Khanda salijambula, limafota." Masiku amenewo mawu a apongozi sunkawayankha, osati inu amene mumayankha ngakhale abusa. Tinamvera, ndipo zaka za ukhanda zinapita choncho.

Atayamba kuyenda, mwanayo anakhala mchira wa atate ake. Ankapita naye ku chulu atamukweza pa mapewa. Asanadziwe kuwerenga zala zake anali atadziwa kale mayina a ndeke zonse, ndipo khutu lake linaposa la amuna awiri aja. Amatha kukhala akusewera ndi tizitini pabwalo, mwadzidzidzi n'kuima chilili, kutukula mkono, chala kuloza kumwamba kopanda kanthu. Iwe ukuti mwana wapenga, kenaka umva kulira kwa injini kukubwera. Pa mkono womwewo, wamanja, anali ndi chipsera cha mbaula, chimene anapsa akukwawa. Ba Mulenga anasiya kubetcha nzimbe, ankati, "Aka kamwana kazanisaukisa."

Atate ake ankamukonda, zimenezo musazikayike. Ankamubweretsera mutu wa buledi wotentha m'thumba la jekete. Koma kamera ikakwera pamimba, mawu anali amodzi: "Choka kutsogolo, Esi." Ine ndinkafunsa, "Bambo ake a Esi, mwana uyu mumujambula liti?" Iwo ankati mawa, kapena pa Khirisimasi, kapena filimu ikatsala. Tsiku lina nditawapanikiza anandiyankha mofatsa, akupukuta kagalasi kawo ndi mpango, kuti, "Amake Esi, mwana ali pompano tsiku lililonse. Ndeke ikadutsa yadutsa." Mawu amenewo ndimawamvabe mpaka lero, ndi mmene anawanenera momwe.

Ndikuona Natasha akufuna kufunsa kuti bwanji sindinapite naye kwa ojambula a pa msika. Analipo, a nsalu ya maluwa kumbuyo ndi mpando wa ndalema pakati. Koma mkazi wa mwini kamera kukaima pamzere kwa wojambula wina kukanakhala kumuvula mwamuna wanga pagulu. Kalingalinga yense akanapeka nyimbo. Ndipo nthawi inkaoneka ngati ilipo yambiri.

Kenaka zinthu zinayamba kusowa. Inali nyengo ya chipani chimodzi, yoti pa msika sulowa wopanda kadi ya chipani. Sopo kusowa, shuga kusowa, saladi, mafuta ophikira aja, kusowa. Ukaona mzere unkayamba waima, kenaka n'kufunsa kuti akugulitsa chiyani. Inu mumakwiya shopu ikakhala ilibe buledi wa mtundu umene mumakonda. Ife tinachapapo ndi masamba a papaya. Ngati sopo ankasowa, nanga filimu? Agogo anu anapeza imodzi movutikira, ndipo ankaidya pang'onopang'ono, chithunzi chimodzi, kenaka miyezi kudutsa.

Nkhondo ya anzathu a kum'mwera nayo inatifika. Ndeke zachilendo zinaponya mabomba kunja kwa tauni, ndipo kuyambira pamenepo munthu woyang'ana kumwamba nthawi yaitali ankatengedwa ngati kazitape. Kujambula pafupi ndi bwalo kunaletsedwa. Anyamata a chipani anawapeza ba Mulenga pa chulu, anawamenya, n'kuswa diso lotsala la magalasi aja. Chulu chinamera udzu. Mmwenye wotsuka mafilimu anatseka sitolo n'kuchoka m'dziko. Agogo anu sanasiye, ankajambula mobisa, kamera ili m'dengu pansi pa buledi, mpaka pa filimu ija panatsala malo amodzi. Malo amenewo ankati akusungira Chimphuno, ngati chidzabwerenso.

Chaka chimenecho Esinati analembedwa sukulu. Yunifolomu ndinasoka ndekha pa makina anga opukusa ndi dzanja. Nsalu inaperewera, manja anatuluka aafupi, ndiye ndinawaonjezera kamphepete koyera kochokera ku pilo yakale. Anthu ankati ndi sitayilo. Nditamaliza ndinaimika agogo anu pakhomo, manja m'chiuno.

"Malo atsala amodzi, ndipo ndi a mwana wanga. Mukakana, mawa ndikwera basi ya ku Katete."

Anandiyang'ana, anaona kuti sindikuseka. "Chabwino, amake Esi. Lamulungu tikaweruka."

Linali Lamulungu la mu Januwale, mvula itakata, dzuwa lowala bwino. Ndinamuluka tsitsi, ndinamuveka yunifolomu ndi nsapato zobwereka kwa mwana wa ba Mulenga. Atate ake anamuimika pabwalo, nyumba ili kumbuyo kwake, iwo n'kubwerera m'mbuyo kamera ili pamimba. Ndiye ndinaona kuti kumaso kwa mwana kwatuwa. Ndinati, "Dikirani, nditenge mafuta odzola." Musandiyang'ane choncho, mayi aliyense akanatero. Kabotolo kanali katagwera kuseri kwa bedi. Ndili chogwada kukafunafuna, mbale zinayamba kunjenjemera pa shelefu, ndipo ndinamva Esinati akukuwa panja, koma mawu ake anamizidwa ndi phokoso.

Pamene ndinkatuluka, Chimphuno chinali chikuzimirira kuseri kwa mitengo ya ku bwalo. Mwana akudumphadumpha, atate ake ali chiimire, thukuta kumaso.

"Mwajambula?"

"Ndajambula."

"Mwana?"

"Ee, mwana. Ndinadina chisanafike."

Ndinawakalipira kuti amujambula ali mbuu ngati mwana wopanda amake. Tinaseka tonse atatu. Madzulo ake ba Mulenga anabwera akutsimphina, ndipo anakamba za Chimphuno mpaka tiyi kuzizira. Aka kanali komaliza kuchiona, sichinabwerenso.

Esinati anapita ku sukulu masabata owerengeka. Tsiku lina anabwera atanyowa ndi mvula, akuti mutu ukuwawa. Kutacha thupi linali moto, masana anayamba kukomoka. Tinamutengera ku chipatala chachikulu pa njinga ya buledi, atate ake akukankha m'matope, ine nditamugwira kuti asagwe. Anati ndi malungo aakulu, ofika ku mutu. Madokotala anayesetsa, sindiwanena kanthu. Anatisiya masana, dzuwa likuwala ngati tsiku lina lililonse. Tinamuika m'manda atavala yunifolomu yake ija, chifukwa ndiyo ankaikonda.

Za maliro sindikamba zambiri, mtima sulola. Ndinena chimodzi. Amayi a mu kompaundi, pondimvera chisoni, anasiya kunditchula amake Esinati. Anayamba kunditi amake Yohane, pakuti atate anu anali akuyamwa nthawi imeneyo. Ndi mwambo wabwino, amafuna kuti usamakumbutsidwe m'mawa uliwonse. Koma ine zinkandipweteka koopsa, ndipo kwa nthawi yaitali sindinkayankha. Agogo anu okha ndi amene sanasinthe, anapitiriza kunditi amake Esi mpaka tsiku lawo lomaliza.

Chimene chinandigwira kuti ndisapenge chinali filimu ija. Agogo anu anaichotsa m'kamera, anaikulunga m'kansalu, anaiika m'chitini cha koko, n'kuchibisa pansi pa mtsuko wa madzi, pozizira. M'mawa uliwonse ndikamatunga madzi ndinkadziwa kuti mwana wanga ali pamenepo, atatuwa kumaso, akudikira kutsukidwa. Ndinkafunsa kuti tikatsuka liti. Iwo ankati, "Muli ndeke khumi ndi imodzi za pa bwalo m'menemo. Wotsukayo akakanena ku chipani, mundionera kuti?" Zinali zoona, ndipo ndinkabweza chitini pansi pa mtsuko.

Zaka zinapita. Nkhondo inatha, anzathu analandira ufulu wawo, koma mantha kuno sanathe msanga. Masitudiyo amene anatsala ankati mankhwala kulibe, mapepala kulibe. Tinasamukira kuno ku Mtendere, chitini ndinachinyamula m'chifuwa. Ndipo pang'onopang'ono chinthu chimene ndinkachiopa chinayamba. Chaka choyamba ndikatseka maso ndinkamuona yense. Pambuyo pake ndinkaona yunifolomu, nsapato zobwereka, tsitsi loluka, koma pakati pake panali mbuu. Ana inu, palibe manyazi oposa a mayi amene wayamba kuiwala nkhope ya mwana wake. Sindinauze munthu. Ndinkangoona kuti agogo anu nawo asintha. Ndeke ikamadutsa ankalowa m'nyumba, ndipo kamera sanaigwirenso. Ine ndinkati ndi chisoni chabe.

Tsiku lina ba Mulenga anabwera masana, agogo anu ali ku ntchito. Anali atakalamba msanga, mwendo uja sunachire bwino. Atamwa madzi anati, "Mulamu, nili na mufyala wanga, musuweni, ku Kabwe, ba Chanda. Batsuka mafilimu kumbuyo kwa nyumba, sibafunsa mafunso. Ninabauza ba Banda kalekale. Sibanakuuzeni?"

Sanandiuze.

M'mawa mwake ndinawauza agogo anu kuti ndikupita ku Kabwe ndi chitini. Sananditsutse, sanandiyang'anenso. Anatenga pampu n'kuyamba kupopa tayala la njinga limene linali lodzaza kale. Anangoti, "Muyende bwino."

M'misewu munali asilikali oimitsa mabasi ndi kusecha katundu. Koma ine ndine telala. Filimu ya masiku amenewo inkakulungidwa pa kamtengo kofanana ndi ka ulusi, ndiye ndinatenga ulusi wakuda n'kuukulunga pamwamba pake mpaka inasanduka kotoni weniweni. Ndinaiponya m'chikwama pamodzi ndi sizasi, singano ndi makotoni ena. Basi inali yodzaza, anthu, matumba a makala, nkhuku pansi pa mipando, ndipo inafa kawiri panjira amuna n'kutsika kukankha. Titadutsa Chisamba anatiimitsa. Msilikali wina, mwana wamng'ono woti ndikanamubereka, anapisa dzanja m'chikwama changa n'kutulutsa womwewo. Anauyesa kulemera m'dzanja.

"Amai, uyu kotoni ulema bwanji so?"

"Ni wa ku Malawi, mwana wanga. Sumaduka."

Anauponyanso m'chikwama. Basi inanyamukanso kulowera ku Kabwe.

Ba Chanda anali munthu wamfupi wosalankhula zambiri. Kachipinda kawo kanali ndi bulangeti pakhomo ndi babu yofiira m'kati. Anamasula ulusi wanga akupukusa mutu, anandichenjeza kuti filimu yakhalitsa, mwina situlutsa kanthu. Ndinakhala panja pansi pa mango tsiku lonse. Akazi awo anandipatsa chakudya, ndinachisiya chikuzizira. Ndinkapemphera pemphero limodzi lokha, kuti Mulungu, ngakhale atuluke wotuwa, ngakhale atatsinzina, ndimuone basi.

Dzuwa litapendeka anatuluka ndi zithunzi zonyowa, n'kuzipanika pa chingwe ngati matewera. Ndinayamba kumanzere. Ndeke kuseri kwa waya. Ndeke. Mchira wa ndeke. Ndeke ina yosaoneka bwino, theka lake litaphimbidwa ndi dengu la buledi. Ndinayenda ndi chingwecho mpaka kumapeto.

Chomaliza chinali chowala kuposa zonse. Chimphuno chili m'mwamba, chathunthu, mapiko otambasuka, pansi pake denga lathu la migolo ndi miyala yake. Ndipo m'munsi mwenimweni, pa ngodya, kamkono kotukuka, chala chikuloza kumwamba. Kamphepete koyera ka pilo yanga. Chipsera cha mbaula.

Ba Chanda anaima pambali panga akupukuta manja. "Bamayo, uyu anakopa ichi ni kaswili. Onani, na vilembo va ku muchila vioneka. Koma chabe aka kakwanja ndiye kaononga."

Ndinakhala pansi pa dothi pomwepo, ndipo ndinalira kuposa mmene ndinalirira ku manda.

Nditabwerera kuno ndinapeza agogo anu atakhala pa mpando panja, atavala jekete la ku tchalitchi pakati pa sabata. Ku ntchito sanapite. Ndinawaika chithunzicho pa maondo. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka analankhula maso ali pansi.

"Ndinali nditamuika bwinobwino m'kagalasi, amake Esi. Anali akumwetulira. Tinkangodikira mafuta. Ndiye anamva iyeyo poyamba, anati, 'Atate, Chimphuno! Kopani, kopani, chizapita!' Manja anga anakwera okha. Ndinati filimu ina idzapezeka, mwana ali pompano."

"Nanga zaka zonsezi?"

"Ndinkaona mmene munkachigwirira chitini chija m'mawa. Ndikanayambira pati?"

Sindinawalankhule nyengo yonse yozizira. Ndinkaphika, kuika pa tebulo, kutuluka. Atate anu a Yohane ndi amene ankanyamula mawu pakati pathu, afunseni akukumbuka. Ndinakwiya chifukwa cha ndeke, ndinakwiya chifukwa cha bodza, ndipo ndinakwiya kwambiri chifukwa sindinkadziwa kuti pa ziwirizi chachikulu n'chiti. Tsiku lina ndinalowa kuchipinda mwakachetechete ndi zovala zochapa, ndinawapeza atakhala pa bedi ndi chithunzichi. Ndeke yonse, imene anaidikira moyo wawo wonse, anali ataiphimba ndi chikhatho, akuyang'ana pa ngodya pokha. Ndinaika zovala pansi n'kukhala pambali pawo.

Ndinawauza tsiku limenelo chimene sindinauze munthu, kuti nkhope ya mwana yandithawa. Iwo anati sinawathawe, pakuti ndiwo anaiona komaliza m'kagalasi muja, ndipo inakhazikika momwemo. Kuyambira pamenepo ndikawapempha ankandifotokozera. Mpata wa mano akutsogolo. Kadzenje pa tsaya lakumanzere. Diso limodzi lotsinzina pang'ono chifukwa cha dzuwa. Sankatopa, ngakhale ndifunse kawiri pa tsiku. Kukhululuka ndinakhululuka, koma ndisakunamizeni, masiku ena ndimadzuka nditawakwiyiranso, chonsecho ali m'manda. Ndipo ndimawasowa, chifukwa atapita iwo nkhope ija inapita nawo. Mawu a mpata wa mano ndi kadzenje ndili nawo, koma kudziwa ndi kuona n'zosiyana.

Natasha, umadabwa ndikamakuyang'anitsitsa, umati, "Ambuya, muniyangana chani?" Ba Mulenga asanamwalire anakuona uli wamng'ono, anati wafanana ndi Esinati. Ndiye ndimakuyang'ana kuti mwina china chake chidzuka m'mutu mwangamu. Sichidzuka. Sindingavomere, sindingakane.

Tsopano Dalitso, bokosi tenga. Mai Busa, Nkhwali, zonse za kuseri kwa waya, kaonetse anzako, agogo ako akanasangalala kumva kuti kuli anyamata amene akuzifunabe. Pita nawo ku mabwalo anuwo, sindikuletsa, ndinalephera kuletsa wamkulu. Koma mlongo wako akaima kutsogolo kwa kamera yako usamuuze kuti achoke.

Ichi chokha sichituluka m'nyumba muno. Anzako akanachiona akanawerenga mawindo ndi zilembo za ku mchira. Ine ndachigwira m'manja zaka zonsezi ndipo sindingakuuze kuti ndekeyo ili ndi mawindo angati. Ngati foni yako imadziwadi kufufuta, fufuta ndekeyo. Chinthu chimene ukuti chaononga pansi apo ndi mwana wanga yense amene ndinatsala naye.

Bweretsa kuno. Ugwire m'mbali.